Munthu akasowa zaka 9, maliro tichite kapena tizidikirabe?

Amake Tisa: Muli bwanji nonse akum'mawa muno. Pepani ndabwera ndi nkhani yolemera usiku uno koma mutu wanga wazungulira. Alongo anga oyamba kubadwa anasowa mu Ogasiti 2016. Ankagula mtedza ndi nyemba ku Katete nkumagulitsa pa msika wa Soweto kuno ku Lusaka, tsiku limenelo anachoka kunyumba ku Chawama mmamawa kuti akakwere basi pa Intercity, anauza alamu kuti ndibwera Lachinayi usaiwale kugula malaiti. Mpaka lero Lachinayi lake silinafike. Foni inalira masiku awiri osayankhidwa kenako zii. Ku Katete sanafikeko. Manje nkhani ndi iyi, alamu akhala akudikira zaka 9 ndipo akwawo atumiza mawu kuti tiwasudzule mwana wawo akadali ndi mphamvu, ali ndi zaka 36 chabe. Amalume akuti tingochita maliro, tikwirire thunthu la nthochi, timete, alamu amasuke. Amai akana kwamtuwagalu ati palibe wondilirira mwana ndisanaone mtembo. Loweruka kuli msonkhano wa banja ndipo onse akuyang'ana ine chifukwa ndine ndikusunga amai kuno ku Mtendere. Amene munakumanapo nazo munachita bwanji?

Dalitso wa Matero: Pepani kwambiri amai. Mzimu wawo uuse mumtendere 🙏

Nabanda: Iwe Dalitso uziwerenga usanalembe, wakuuza ndani kuti amwalira? Vuto lake ndi lomwelo.

Dalitso wa Matero: Aaa pepani chala chinathamanga. Koma kunena zoona pa nkhani ngati iyi munthu umasowa chonena.

Amake Tisa: Osadandaula a Dalitso tinazolowera. Ena amatipepesa ngati pamaliro, ena amati limbani mtima abwera mawa. Onse awiri amandikwiyitsa chimodzimodzi kkkk

Sisita Mwai: Asisi pepani. Ndifunseko, munafika kuti ndi kuti powafuna? Polisi, mochale, ndende, chipatala cha odwala misala cha Chainama?

Amake Tisa: Tinayenda asisi, nsapato zinatha. Ku polisi tinapita tsiku lachitatu, pa positi ina sinditchula, wapolisi anayang'ana alamu kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkufunsa kuti kodi simunayambane kunyumba? Ati amuna amabwera okha ndalama zikatha, mubwere sabata yamawa. Sabata imeneyo ndi imene imandiwawa mpaka lero chifukwa mwina makondakitala ndi anyamata onyamula katundu akanakumbukira nkhope, pofika ife ndi chithunzi aliyense ankangoti anthu ndi ambiri pano amai. Ku mochale ndinapita ine ndi amalume maulendo 7, alamu anali ndi pakati pa miyezi 6 sitinawalole. Munthu wa kumeneko amayamba watsegula buku, muli mndandanda wa anthu opanda dzina, mwamuna wamkulu anapezeka pa njanji, mwamuna wamkulu anagundidwa pa msewu, basi. Ndiye amakoka kabati imodzi imodzi. Nkhope zina sungazizindikire ndiye ine ndinkangopempha kuona mwendo wamanzere, alongo anga ali ndi chipsera chachikulu pamsongolo, ngolo inawaponda tili ana. Ukaona mwendo wosalala umapumira mmwamba nkuthokoza Mulungu, ukatuluka panja nkumadzifunsa kuti kodi ndathokoza chani poti ndikubwerera chimanjamanja. Fungo la mankhwala aja linkakanirira mu chitenje ngakhale uchape kawiri, china ndinangochiwotcha. Ku Chainama tinapita, kundende ya Chimbokaila tinafunsa, pa wailesi tinalengeza kuno ndi ku Chipata komwe.

Sisita Mwai: Mayo ine. Munalimba mtima. Koma ndione, mochale zonsezo zinali za mu Lusaka muno?

Amake Tisa: Eya, ndi imodzi ya ku Katete.

Sisita Mwai: Ndiye pali mpata waukulu pakati apo. Ndagwira ntchito m'chipatala zaka 14 ndipo zimene ndaona ndi izi, munthu akachita ngozi panjira foni ndi chikwama zimayamba kusowa iye asananyamulidwe nkomwe, akafika kuchipatala alibe reji (chitupa) alibe kalikonse, amalembedwa kuti wosadziwika. Mtembo umasungidwa kanthawi, amalengeza, abale akapanda kuoneka khonsolo imaika. Mochale za m'maboma ndi zazing'ono, zimadzaza msanga ndiye samasunga nthawi yaitali. Kuchoka Lusaka kufika Katete pali Chongwe, Rufunsa kuli Mpanshya, Luangwa Bridge, mapiri aja a Kacholola, Nyimba, Petauke, Sinda. Mabuku a 2016 mwina akadalipo ndipo polisi ya m'deralo imakhala ndi zolemba zake, nthawi zina ndi chithunzi. Sindikuti alipo, ndikungoti njira imeneyo simunaipondeko. Ndipo kwa ena nonse muno, nkhani yoti dikirani maola 48 musamaivomere makamaka akakhala mwana, pemphani kuonana ndi wamkulu wa pa siteshoni alembe m'buku tsiku lomwelo. Za ana palinso nambala yaulere 116.

Ankolo Zulu: Ana inu mawu oti mchona mumawadziwa? Mukuona ngati kusowa kwa anthu kwayamba ndi Facebook, ife tinakulira m'midzi yoti banja lililonse linali ndi wake amene anachona. Amuna ankapita ku Halale, ku Wankie, ku Joni ndi Wenela, ena kumigodi konkuno. Chaka choyamba kumabwera kalata ndi bulangete, chachiwiri kalata yokha, chachitatu zii. Mu June 1972 mgodi wa malasha ku Wankie unaphulika anthu 427 anafa, ambiri sanatulutsidwe nkomwe anangotseka mgodiwo ukhale manda awo, ndipo munali a ku Zambia, a ku Malawi, a ku Mozambique. Ena ankalembetsa ntchito ndi dzina lopeka kapena chitupa cha mbale wawo, ndiye uthenga wa maliro ukafika mudzi uti? Atate anga aang'ono anapita ku Halale 1961. Pofika 1975 akuluakulu anakhala pansi, nthochi inakwiriridwa, tinameta, ine ndinali kamnyamata ndikukumbuka lumo lake linali lobuntha. Mkazi wawo anakwatiwa ku Chadiza nkubereka ana anayi. Ndiye 1988 dzuwa likupendeka lole inatsitsa mdala wa chipewa ndi sutikesi ya malata akulankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona, akufunsa nyumba ya amai ake. Azimai anataya mitsuko kuthawa! Sanalowe m'mudzi tsiku limenelo, anagona pansi pa mtengo wa mango kumsewu mpaka anamusambitsa mankhwala nkukasalaza manda aja. Anakhala nafe zaka zitatu nkumwalira, tinamuika zenizeni. Munthu mmodzi maliro awiri.

Nabanda: Ankolo ndiye anali kuti zaka zonsezo?

Ankolo Zulu: Pa famu ya fodya chabe mwana wanga, ankaphika. Ati ankachita manyazi kubwera wopanda kanthu, chaka chilichonse ankati ndisonkhanitse kaye ya njinga. Njingayo sanabwere nayo.

Tiyanjane: Ine ndili kumbali ya amai. Mwaiwala za Chalala? Mtsikana uja wa pa buti ya mobile money anatengedwa m'tauni mu April 2022, anthu tinalemba pa Facebook mpaka kutopa, ambiri tinkati basi anamupha. October yomweyo anapezeka wamoyo m'nyumba ku Chalala pamodzi ndi atsikana ena 12, onse 13, ndipo zinaululika chifukwa mmodzi anapeza mpata nkuthawa kukuwa. Anyamata awiri aja anawapatsa moyo wonse kundende. Nyumba ili pakati pa nyumba zinzake, anthu akudutsa pageti tsiku lililonse osadziwa. Akanakwirira nthochi makolo ake zikanakhala bwanji?

Dalitso wa Matero: Miyezi 6 ndi zaka 9 ndi zosiyana sisi

Tiyanjane: Nanga za ankolo zija zaka 27?

Mabvuto Kabaza: Ine ndilankhula chilungamo mundide mundikonde. Mwamuna wa bizinesi wanyamula ndalama za oda, pali ziwiri, kapena achifwamba anamuona kapena ali ku Tete ndi kamkazi kena ana atatu pano. Timawanyamula ife pa njinga anthu otere, kuno Banda uko Phiri. Mkaziyo mumasuleni akwatiwe akutha nazo zaka.

Amake Tisa: A Mabvuto munthu wothawa banja amasiya matumba 40 a simenti atangogula kumene? Anali atafika pa windo levulo nyumba yawo ku Chawama. Reji anaisiya mu Baibulo, mankhwala a BP anatenga a masiku anayi okha. Ankawayimbira amai Lamulungu lililonse ngakhale kungoflasha. Mwana amene anali m'mimba uja ali giredi 3 pano, nkhope ndi ya atate ake yeniyeni, sanaonanepo.

Mabvuto Kabaza: Pepani amai sindinafune kunyoza

Nabanda: Wanyoza kale. Anthu ngati inu ndi amene mumachititsa kuti apolisi aziseka mzimai akabwera kudzanena.

Admin Bambo Mwale: Tiyeni tilemekezane. A Mabvuto apepesa, ipite. Komanso amene mwayamba kutumiza manambala a aneneri ndi asing'anga ku inibokosi ya Amake Tisa lekani, andiuza. Wina ndimuchotsa usiku uno.

Amake Tisa: Zikomo a admin. Za aneneri ndiye musandiyambe. Woyamba anati ali moyo anamutsekera m'chigayo cha munthu wolemera akugwira ntchito usiku, bweretsani K1,500 ya mafuta odzozera ndi tambala woyera. Wachiwiri anati ali m'madzi. Wachitatu analoza azakhali athu enieni kuti ndi amene anamudya, mpaka lero amai ndi azakhali salankhulana, anthu obadwa bere limodzi ndi atate athu. Ng'ombe ziwiri zinapita kumudzi. Koma oipitsitsa ndi a mafoni, ukangolengeza nambala pa wailesi basi wadziitanira. Wina anaimba 2 koloko usiku ati ndine nesi ku Nyimba mbale wanu ali pano sakulankhula tumizani K600 ya magazi, tinatumiza ndipo amalume anakwera basi yoyamba, kufika kulibe nesi wa dzina limenelo kulibe wodwala, nambala yazima. Anadziwa ngakhale za chipsera chifukwa tinazinena tokha pa wailesi.

Sisita Mwai: Ichi ndiye chenjezo, polengeza muzisungako chizindikiro chimodzi osachinena, woimba azichitchula yekha. Ndipo chipatala sichiitanitsa ndalama ya magazi pa nambala ya munthu.

Amake Tisa: Tinaphunzira mochedwa. China chimene chinatsala pang'ono kuwapha amai, mu 2018 mdzukulu anayesa nambala ya alongo ija mongoseweretsa ndiye inalira! Amai anagwa pansi kulira kuti wapezeka. Kuyankha ndi kamtsikana ka ku Kitwe kakulankhula Chibemba, kati nambala ndinagula mwezi watha. Kani nambala ikakhala nthawi osagwira ntchito amaipatsa wina. Kuyambira pamenepo amai nambala yawo yakale saisiya, foni ndi ya mabatani yomanga ndi labala koma mwezi uliwonse ndimaikamo ka K5 kuti isatsekedwe, ati ndi yokhayo imene mwana wanga anailoweza pamtima. Usiku amagona nayo pansi pa pilo.

Nabanda: Ndalira ine

Chikondi wa ma kompyuta: Nkhani iyi yandikumbutsa ndege ya Malaysia ija MH370. Inanyamuka ku Kuala Lumpur pa 8 March 2014 kupita ku Beijing ndi anthu 239, Boeing 777 yathunthu, nkungosowa. Maiko olemera anasaka nyanja ndi masitima ndi makina zaka, chimene chinapezeka ndi tizidutswa tokha, chapaphiko pa chilumba cha Réunion mu 2015, tina ku Mozambique konkuno, ku Tanzania, ku Madagascar. Chimene ndikufuna kunena ndi ichi, mu January 2015 boma la Malaysia linalengeza kuti inali ngozi ndipo onse atengedwe kuti anafa, kuti abale ayambe za chipukuta misozi. Abale ambiri anakwiya, makamaka a ku China, ati mwatiphera anthu papepala musanatipatse ngakhale nsapato yawo. Ndiye amai anu sali okha, si umbuli wa kumudzi ayi.

Mabvuto Kabaza: Ndege imeneyo anaibisa azungu

Chikondi wa ma kompyuta: Mabvuto tisayambe kkkk

Ankolo Zulu: Musapite kutali. Ku Zimbabwe mnyamata uja Itai Dzamara ankatsutsa Mugabe poyera, anamutenga mu March 2015 ali kometetsa ku Glen View mu Harare, masana anthu akuona, anamuponya m'galimoto. Mugabe anachoka, anamwalira, mnyamatayo mpaka lero. Kumeneko ngakhale odziwa alipo koma pakamwa anatseka.

Nachisale: Ine kwathu ndi ku Mulanje ndinakwatiwa kuno. Freddy uja wa March 2023 anakokolola midzi usiku, matope ndi miyala kuchoka m'phiri, anthu opitirira 500 ku Malawi sanapezeke mpaka anasiya kusaka. Msuweni wanga ndi ana ake awiri ali m'gulu limenelo. Ife tinachita maliro patatha mwezi chifukwa tinkadziwa kuti anagona m'nyumba ija ndipo nyumbayo palibe, pali chimwala. Zinawawa koma tinalira nkumaliza. Zanuzi ndi zina asisi, inu mulibe ngakhale malo oloza kuti ndi apa. Ine sindingawakakamize amai.

Tiyanjane: Ndimaganiziranso anyamata aja a ku Ethiopia anapezeka atatayidwa ku Ngwerere mu December 2022, mitembo 27 m'mbali mwa msewu, amapita ku Joni. Kwinakwake kuli nawonso amai akugona ndi foni pansi pa pilo osadziwa kuti mwana wawo anathera pa Ngwerere pompa.

Mai Chimwemwe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhuleko chifukwa nonse mukukamba za amai, za alamuwo palibe wafunsa. Ine ndinadutsa momwe akudutsa alamuwo. Amuna anga anali dalaivala wa thiraki, anapita ku Joni 2012 kukatenga katundu, thiraki inapezeka iwo ayi. Ndikuuzeni mmene zimakhalira. Kutchalitchi azimai amasiye akamalandira thandizo iwe dzina lako palibe chifukwa sunaike maliro. Azimai apabanja akamakamba zawo umakhala ngati mlendo. Ukavala bwino apongozi ati waiwala kale mwana wathu, ukavala zakuda ati ukumulodza afe. Mwamuna akakupatsa moni pamsika mawa nkhani yafika kumudzi kuti ndiwe unamupha kuti ukwatiwe. Kusukulu fomu ikufunsa atate ali moyo kapena anamwalira, kabokosi kachitatu palibe, ndinkangoyang'ana bolopeni. Ku banki ndalama zawo ndinkaziona papepala koma osazigwira, ana akudya kamodzi patsiku. Ndinadikira zaka 8. Tsiku limene apongozi aamuna anandiitana nkunena kuti mwana wanga tapepesa, pita ukaone moyo, ndinalira kuposa tsiku limene anasowa, osati chifukwa ndinali ndi mwamuna wina, ndinalibe, koma kuti wina waona kuti nanenso ndine munthu. Mpaka lero ndikaona thiraki yoyera pa Kafue Road ndimayang'ana dalaivala. Kusudzulidwa sikuchotsa zimenezo. Koma alamu anuwo amasuleni chonde, zaka 9 wakulemekezani mokwanira.

Amake Tisa: Amai Chimwemwe mwandilasa mtima. Kunena zoona ine alamu ndimawakonda ngati mng'ono wanga, nyumba ija anaimaliza okha ndi ndalama ya salaula. Sanapemphe okha kusudzulidwa, ndi akwawo. Ndikawafunsa amangoti mmene muonere alamu.

Mai Chimwemwe: Sanganene. Akanena ndiye kuti wapereka umboni kwa onse amene ankamunena. Muyambe ndinu.

Bambo Tembo Kabwata: Ndinagwirako ntchito ya ukalaliki kukhoti ndisanapume, ndiye ndithandizeko apa. Mukusakaniza zinthu zitatu mu mphika umodzi ndiye chifukwa chake sizikupsa. Kumasula mkazi ndi nkhani ina, mapepala ndi nkhani ina, maliro ndi nkhani ina. Ngati ukwati unali wa chikhalidwe, wa ankhoswe, local court ikhoza kuuthetsa chifukwa mwamuna palibe zaka zonsezi, sipafunika mtembo kapena nthochi. Za katundu, akaunti, penshoni ya NAPSA ngati ankadula, pulotiyo, lamulo limati munthu akasowa zaka 7 osamveka kwa anthu amene akanayenera kumva za iye, khoti lalikulu likhoza kugamula kuti atengedwe ngati anamwalira. Mumafunika lipoti la polisi lija, umboni woti munasaka, zolengeza za pa wailesi ngati malisiti munasunga, ndi abale olumbira. Pitani ku Legal Aid Board akuuzeni ndondomeko ngati ya loya palibe. Pepalalo silikakamiza munthu aliyense kulira maliro, ndipo akadzatulukira mawa khoti lomwelo limalifafaniza. Chimene ndingachenjeze, pa pulotiyo samalani, pamisonkhano yotere pamakhala wina amene akufuna maliro msanga chifukwa diso lili pa nyumba. Lamulo la 1989 la katundu wa munthu wosasiya wilo limati nyumba ndi ya mkazi ndi ana, ndipo ana ndiwo amatenga gawo lalikulu.

Nabanda: Mwamva Amake Tisa? Amalumewo muwayang'ane bwino kkkk

Amake Tisa: Ayi amalume ndi amene ankakoka nane makabati ku mochale, amenewo ndiwaikira kumbuyo. Angotopa chabe. Koma pali msuweni wina wayamba kale kufunsa kuti nyumba ili ndi zipinda zingati.

Ankolo Zulu: A Tembo anena zoona ndipo ngakhale pa mwambo wathu kusudzula sikudikira imfa yokha. Mwamuna akachona ankhoswe ankakumana, akuchimuna nkupereka kanthu m'mbale, kale inali nkhuku kapena kandalama, nkunena kuti mwana wanu uyu tamumasula alibe mlandu. Nthochi ija inkabwera pambuyo mtima wa mai wobereka ukavomera, ndipo akakana panalibe woikwirira mokakamiza chifukwa amene akalire pamandapo ndani? Ine ndinaona manda akusalazidwa, si chinthu chabwino kuchiona. Amalume anu auzeni kuti Zulu wa ku Kagoro wati nthochi siithawa, ili kudimba chaka chilichonse.

Dalitso wa Matero: Koma ankolo mwana uja wa giredi 3 amamuuza chani? Ine ndi amene akundimvetsa chisoni

Amake Tisa: Poyamba tinkati adadi ali ku ntchito kutali. Chaka chatha anabwera kuchokera kusukulu ati anzanga akuti adadi anathawa chifukwa cha ine. Alamu anakhala naye pansi nkumuuza zoona, kuti anapita ku Katete sanabwerere ndipo tonse sitidziwa. Anangofunsa kuti nanga bwanji simunapite kukawatenga. Palibe anayankha.

Sisita Mwai: Asisi musaiwalenso a Red Cross, ali ndi ntchito yolumikizitsa mabanja otayana makamaka ngati mukuganiza kuti munthu anadutsa malire, amalemba fomu nkutumiza kwa anzawo a dziko linalo, salipiritsa. Katete ndi Chanida ndi pafupi, wogula nyemba kuwoloka kupita ku Mozambique si zachilendo.

Amake Tisa: Zoona ankawolokadi nthawi zina mtengo ukakwera ku Katete. Izi sitinaziganize. Zikomo nonse ndawerenga uthenga uliwonse, ndikagone mawa ntchito. Ndidzakuuzani za Loweruka.

Admin Bambo Mwale: Tikhala tikupemphera amai.

Amake Tisa: Mwaswera bwanji nonse, ndabwera monga ndinalonjezera. Msonkhano unayamba 10 koloko kutha mdima. Ndinachita monga ananenera amai Chimwemwe, ndinayamba ndine kunena kuti alamu timasule, mawu ananjenjemera koma ndinamaliza. Ndinanenanso za a Tembo kuti maliro ndi nkhani ina. Amalume poyamba anakana ati zinthu zimayendera limodzi, akwawo kwa alamu anati ife nthochi sitikuifuna tikufuna mwana wathu chabe. Amai anakhala chete nthawi yonseyo akungopotokola chitenje. Kenako anadzuka kulowa kuchipinda, tonse tinati basi akwiya, anatuluka ndi mbale ija ya enamulo yamaluwa imene alamu anawapatsa chaka cha ukwati, anaikamo K50 yawo ya mu kathumba nkugwada pamaso pa mpongozi wawo, munthu wa zaka 74. Ati mwana wanga wandisungira nyumba, ukafuna kukwatiwa kwatiwa, ukafuna kukhala khala, nyumba ndi ya adzukulu anga wina asaiyang'ane. Koma wanga uja musandiikire ndikali moyo, ndikafa mudzachite zimene mufuna. Msuweni uja anangoti ndikuthamangira basi. Alamu analira mpaka kukomoka pang'ono tinawathira madzi, ndipo usiku anabwera kudzagona kuno ku Mtendere pa mphasa limodzi ndi amai.

Mai Chimwemwe: Ambuye alemekezeke. Muwapatse moni alamuwo, muwauze kuti kuli mnzawo ku Kanyama akafuna wocheza naye.

Ankolo Zulu: Amai anuwo ndi mfumu.

Mabvuto Kabaza: Amai ndinalankhula zopusa tsiku lija. Mng'ono wanga amayendetsa thiraki njira ya Chanida mpaka Tete ndi Beira sabata iliyonse, nditumizireni chithunzi ku inibokosi azifunsako m'misika ndi m'magaraji. Ndalama sindikufuna.

Amake Tisa: Zikomo a Mabvuto ndatumiza, ndi cha 2015 cha pa ukwati wa msuweni, auzeni kuti pano akhoza kukhala ndi imvi. Za chipsera musanene, wowaona atchule yekha. Asisi Mwai, ndapempha masiku atatu kuntchito mwezi wamawa ndiyambire Chongwe kutsika mpaka Petauke, kodi mabuku akalewo ndikafunse kwa ndani, ku mochale kwenikweni kapena ku ofesi?

Sisita Mwai: Muyambire ku ofesi ya marekodi, mutenge lipoti la polisi ndi fotokope ya reji yawo, makope angapo chifukwa ena amasunga osabweza. Mupite mmawa isanakwane 9. Ku Nyimba ndili ndi mnzanga tinaphunzira limodzi, ndimuimbira mawa ndikupatsani yankho.